Loko Sanathyoledwe

Mwa ntchito zonse zimene ndaziona m'kuyendayenda kwangaku, ya Elson Namakhwa ndi imene inandivuta kuimvetsa. Sankagulitsa kanthu, sankakonza kanthu. Ankangolowa m'nyumba ya munthu ndi kachipangizo koyezera magetsi m'manja, n'kuyang'ana mababu, mawaya, simbi, furiji, denga ndi mbali imene dzuwa limatulukira. Akatero ankakuuza chimene chikukudyera mayunitsi, kapena kukula kwa sola imene ingakukwane kuti ogulitsa a ku Limbe asakupusitse. Anaphunzira zimenezi ku sukulu ya zaluso, ndipo anabwerera kwawo ku Thyolo akukhulupirira kuti anthu adzamulemba ntchito chifukwa cha mawu okha.

Anthu ankamupatsa mpando, tiyi ndi zikomo.

"Ndiye mwangoyang'ana basi?" ankatero pomuperekeza. "Kuyang'anatu nafenso timayang'ana."

Mwayi wake unabwera pamene esiteti ina ya tiyi kumtunda kwa Luchenza, dzina ndisunge, inaganiza zoika sola m'nyumba za antchito. Inafuna munthu woyenda khomo ndi khomo kukaona chimene nyumba iliyonse ikufunika, ndipo Elson anauzidwa kuti akachita bwino, maesiteti enanso amuitana. Iye ndiye analangiza kuti agule mabatire othira madzi, oti munthu angawasamale yekha. Oyamba atafika anawatsekera m'sitolo yosungiramo katundu kuseri kwa ofesi, kiyi n'kumupatsa iyeyo kuti aziwayeza.

Lolemba m'mawa mabatire awiri kunalibe. Loko anali chikhalire pachitseko, wosathyoka, wosakandika.

Sajeni Suwi Kayange, wapolisi wamkazi wochokera ku Chitipa amene anali atangosamutsidwira kuderali, anafika pa njinga yamoto chiperoni chisanayere. Anapeza Elson atamukhazika pansi pakhonde la ofesi, alonda atamuvula nsapato ndi lamba. Amayi otchola tiyi ankadutsa ndi madengu kumsana, ndipo aliyense akafika pamenepo mwendo unkalemera. Elson ankayesa kubisa mapazi kunsi kwa benchi. Ntchito yake inali yolowa mpaka kuchipinda kwa eni nyumba, kumene ngakhale mlamu safika. Munthu amene esiteti yonse yamuona atakhala pansi wopanda nsapato, ndani angadzamutsegulirenso chitseko?

"Mubwezereni nsapato," anatero sajeni.

"Zili mu ofesi ya akulu a alonda, bwana, ndipo apita ndi kiyi ku fakitale."

Sajeni anagwada pafupi ndi Elson. "Achimwene, mabatire munawaona liti komaliza?"

"Lachisanu madzulo. Ndinawayeza onse, ndinatseka, ndinakoka loko kawiri." Ankayankha mofulumira, maso ali gwa pa iye, ngati munthu amene wapeza womumvera. "Loweruka m'mawa ndinakwera ya ku Thekerani. Kuli aphunzitsi ena opuma amene anandiitana. Ndinagona komweko, ndinabwera Lamulungu. Aimbireni, nambala ndi iyi."

Sajeni anaimba pomwepo. Mawu a nkhalamba anamveka mpaka kwa alonda.

"Uja woyang'ana uja? Anabwera, inde! Ananyoza furiji yanga kuti ndi mbava yosagona. Ndinamupatsa tambala. Bwanji, tambalayo wafa?"

"Kiyi munapita naye?" sajeni anafunsa atadula foni.

"Anali m'thumba langa ulendo wonse."

"Ndiye kuti Lamulungu munali naye kuno."



* * *

A Thom Chirwa, oyang'anira nyumba za antchito, anali munthu wa ku Kasungu, wa tayi ndi kampango kopukutira thukuta ngakhale kukuzizira.

"Madamu, ine ndatha," anatero akutsegula sitolo. "Ndine ndinamubweretsa mnyamatayu. Ndinaima pamaso pa manijala n'kunena kuti tisaitane kampani ya ku Blantyre, tili naye wathu, mwana wa pa esiteti pompano. Pulojekiti yonse ndinaiika pamutu pake. Lero manijala ndawapatsa moni, ayankha galu wawo."

"Makiyi alipo angati?"

"Wina ali ndi iye. Winayo ali m'sefa ya manijala, ndipo manijala anali ku Zomba ku ukwati. Mlanduwu ndi wosavuta, madamu. Loko sanathyoledwe."

Sajeni analowa m'sitolomo. Anayang'ana denga, malata anali okhomedwa bwino. Zenera linali ndi zitsulo zodzaza kangaude. Pansi panali mabwalo awiri oyera pamene mabatire anakhala, pafupi ndi khoma la kumbuyo. Khomalo linali la matabwa, ndipo m'tsinde mwake munali kamzera ka utuchi, kopyapyala, ngati kamene tsache limasiya munthu akasesa mofulumira.

"Kuseri kwa khomali kuli chiyani?"

"Shedi ya kalipentala. Mipando, zitseko, mabokosi a maliro a antchito athu. Koma kumeneko musataye nthawi. A Yesaya, kalipentalayo, ndi mkulu wa mpingo. Akatola msomali wopindika pamsewu amabwera nawo ku ofesi."

Sajeni anasuzumira pa mng'alu. M'shedimo munalibe munthu, munali mulu wa matabwa a paini wofika m'chiuno. Anazungulira kunja, n'kupempha kuti amutsegulire, koma a Thom anati a Yesaya apita ku fakitale kukakonza mathandala oyanikapo tiyi. Anabwereranso m'sitolo, n'kukankha matabwa a khoma limodzilimodzi ndi bondo. Onse anali nji. Koma atatu a m'munsi analibe fumbi m'mipata yake, pamene ena onse anali nalo lokandapala ngati bulangete.

"Tinene kuti mabatire atuluka m'sitolo muno," anatero. "Pa esiteti pano angatuluke bwanji?"

"Ndi pageti pokha. Kwina konse ndi waya ndi mtsinje. Kafunseni a Winston, koma mukhale ndi nthawi, amayankhula."

* * *

A Winston, mlonda wa pageti, anali wamtali, wowonda, wa ndevu zoyera ndi chibonga chopakidwa polishi. Anamenya sawasha imene sajeni sanaipemphe.

"Pano, mayi, sipadutsa ngakhale singano. Amayi a madengu ndimawapisa. A njinga ndimawatsitsa. Thirakitala ndimakwera pamwamba. Tsiku lina ndinagwira munthu atabisa tiyi m'masokosi, mwendo umodzi wonenepa, wina wowonda. Ndinati, achimwene, matenda amenewa tikawachizire ku ofesi."

"Elson anadutsa ndi chiyani Lamulungu?"

"Analowa ndi tambala, anatuluka ndi manja. Tambalayo anasiyira mayi ake."

"Kuyambira Lachisanu mpaka lero, palibe chimene chinatuluka osachiona mkati?"

"Palibe."

"Ngakhale chimodzi?"

"Palibe, kupatula maliro. Koma maliro si katundu."

Sajeni anakhala pa chitsa chimene chinali pambali pa geti. "Maliro a ndani?"

"A Everson, oyendetsa thirakitala. Anatisiya Lachisanu kuchipatala. Thupi linapita kumudzi kwa akazi awo, tsidya la mtsinje uko. Esiteti imapereka bokosi, ndiye Loweruka chakummawa a Yesaya analitulutsa pa njinga."

"Munalitsegula?"

A Winston anamuyang'ana ngati wawatukwana. "Kutsegula bokosi la maliro? Kwanu kumpoto mumatero? Bokosi likamapita kwa mwini wake sulisuzumira, mayi. Ukasuzumira ndiye kuti ukudziyeza. Ndinavula chipewa, ndinayang'ana pansi, monga achitira munthu woleredwa. Ndinawathandizanso kukankha pa chitunda icho, poti anali okha."

"Bokosi lopanda munthu linafuna anthu awiri?"

"Linalemera zedi. Tayala lakumbuyo linachita kuphwa ngati chitumbuwa chopondedwa. Ndinati, a Yesaya, mwakhoma ndi bulugamu wamuwisi kodi? Anati eya, paini watha."

"M'shedi mwawo muli paini wofika m'chiuno."

A Winston anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana chitunda, anayang'ana zikhato zawo. Chibonga chinagwa, osachitola.

"Mayi," anatero ndi mawu ena, aang'ono, "ndinakankha ndi manja angawa. Ndinkaimbanso nyimbo ya maliro pokankhapo." Anapukusa mutu. "Ayi. Ayi, sizingatheke. Munthu angakumbire mwana wake dzenje?"

"Mwana wake uti?"

"Si yemwe mwamusiya pakhonde uja. Elson ndi mwana woyamba wa a Yesaya."

* * *

Dzuwa linali litaboola chifunga pamene sajeni anabwerera ku ofesi. Anamulowetsa Elson m'kachipinda kosungiramo mipando, natseka chitseko kuti a madengu asaone.

"Aphunzitsi aja akuvomereza za Loweruka. Mlonda akuti Lamulungu munatuluka chimanjamanja. Kwa ine, achimwene, inu mwayera."

Elson anapuma ngati munthu amene watula thumba la chimanga.

"Chatsala ndi chimodzi. Loweruka panatuluka bokosi la maliro pageti, lolemera kwambiri."

Mnyamatayo sanagwedezeke. Zala za kumapazi kwake zokha ndi zimene zinapindika pa simenti, pang'onopang'ono, ngati zikufuna kulowa pansi. 

"Ndinatenga ndine," anatero.

"Munawatulutsa bwanji?"

"Ndinatenga ndine. Lembani."

"Ali kuti?"

"Ndinagulitsa."

"Kwa ndani?"

"Munthu wina wa ku Mozambiki. Dzina sindikulidziwa."

"Wamtali kapena wamfupi?"

"Wapakatikati."

"Achimwene, mukudziwa chimene mukutaya? Ndikalemba zimenezi, ntchito yanu yatha. Osati pa esiteti pano pokha. Palibe adzakuloleni kuyeza ngakhale tochi."

"Inali isanayambe n'komwe," anatero Elson, maso ali pansi. "Lembani, bwana. Chonde. Kufakitale musapiteko."

Sajeni sanalembe. Anauza alonda kuti amupatse madzi ndi mpando, nakwera njinga yake kulowera tsidya la mtsinje.

* * *

Nyumba ya namfedwa siisowa anthu maliro akangochitika. Pamakhala amayi osenda nandolo, ana, phulusa la moto wa pasiwa. Koma pakhomo pa mayi Teleza, mkazi wa malemu Everson, panali nkhuku zokha. Mayiyo anali atakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, mutu wometedwa, akuyang'ana khoma.

"Pepani ndi zovuta, mayi," anatero sajeni atagwada.

"Mwabwera kudzanditenga?"

"Kukutengani chifukwa chiyani?"

"Si akuti ndinapha ndine." Ankayankhula mosakweza mawu, ngati akunena za mvula ya chaka chatha. "Alongo awo a malemu atero. Mudzi wonse wamva. Mtsuko wanga ukafika pachitsime, ena amachotsa yawo."

"Yambirani pa bokosi. Linafika nthawi yanji?"

"Mochedwa. Anthu anakhala mpaka dzuwa kupendeka, abusa akuyang'ana kumsewu. A Yesaya anafika ali thukuta lokhalokha, akuti tayala linaphulika. Adzukulu analowa nalo m'nyumba. Ndinangomva, ii! ii! Nsalu yoyera ya mkati ija inali yonyowa chakumutu, ndipo ataigwira inangonyenyeka m'manja ngati tsamba louma. Mmodzi zala zinayamba kumuyabwa. Bokosi latsopano, mayi, lochoka kwa mmisiri tsiku lomwelo. Ndiye alamu anga anati, mwaona? Malemu akukana kugona, akuloza amene wawadya. Anaing'amba nsaluyo n'kundiponyera pamiyendo, anthu onse akuona. Mwamuna wanga anapita atagonera chitenje changa chakale. Kumanda sanandilole kuponya dothi."

"Nsaluyo ilipo?"

Mayi Teleza analoza kudenga la khitchini, kumene anaitsomeka pa udzu. Sajeni anaitsitsa ndi kamtengo. Inali ndi mabowo a m'mphepete mwachikasu, ena ngati ndalama yachitsulo, ena ngati chikhato. Anainunkhiza. Anakumbukira buluku la mchimwene wake amene ankatchaja mabatire a galimoto kwawo, mmene linkathera mabowo lisanakalambe.

"A Yesaya analipo pamene ankakunenani?"

"Analipo. Ndiwo anatsogolera nyimbo."

"Sananene kanthu?"

"Akananena chiyani? Iwo ndi munthu wa Mulungu. Anangoyang'ana kumbali, misozi ili mbwe. Ndinati, koma bamboyu yekha ndiye akundimvera chisoni."

* * *

A Yesaya Namakhwa anali atabwerera ku shedi yawo pamene sajeni anafika. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata, pensulo kukhutu. Ankapala thabwa, ndipo linali litasalala kale, koma ankalipalabe. Sanavale ovolosi ya esiteti. Anavala malaya oyera a kutchalitchi, odzaza utuchi.

"Ovolosi ili kuti, bambo?"

"Yachapidwa."

Sajeni anayala nsalu ija pa thabwa limene ankapala. A Yesaya anaiyang'ana. Anaika chopalira pambali mosamala, chogona cham'mbali kuti mpeni usabunthe.

"Mwana wanu wavomera mlandu," anatero sajeni. "Akuti anaba ndiye, anagulitsa kwa munthu wapakatikati."

"Wanama."

"Ndikudziwa."

Nkhalambayo inakhala pa bokosi la zida. Kwa kanthawi inkangotola utuchi pa bondo, kambewu kamodzikamodzi.

"Khoma ili ndinakhoma ndine," inatero. "Ndimadziwa msomali uliwonse. Ndinazula matabwa atatu, ndinabwezera misomali yomweyo m'mabowo omwewo. Ndinati loko ndisamukhudze. Ukathyola loko, amagwira alonda, amawachotsa ntchito, ana awo amagona ndi njala. Ndinati pakapanda chothyoka palibe amene amugwire, adzangoti ogulitsa anabweretsa osakwana. Za kiyi sindinaziganize, mayi. Zaka zonsezi kiyi wa sitolo amakhala ndi akalaliki. Sindinadziwe kuti anapatsa mwana wanga. Sanandiuze. Ine ndi iye za ntchito yake sitikambirana."

"Chifukwa?"

"Chifukwa sindiimvetsa!" Mawu anakwera, kenaka anagwanso. "Ine ndikalowa m'nyumba ya munthu, ndikamatuluka pamatsala chitseko. Pamatsala mpando. Mwini nyumba akafa, ana ake amati mpando uwu anakhoma a Namakhwa. Mwana wanga akatuluka m'nyumba pamatsala chiyani? Mawu. Ndinagulitsa mbuzi zonse kuti aphunzire, wabwera ndi kachitsulo kolira ngati nkhululu. Kutchalitchi amandifunsa, injiniya wanu uja wayang'ana nyumba zingati sabata ino? Amaseka, ine ndimaseka nawo. Mkazi wake anabwerera kwawo ku Khwethemule, akuti adzabwera zikadzayenda. Ndiye ndinaona mabatire aja pa mng'alu, ali ndandanda. Ndinati akakhala ndi awiri okha, akaike sola m'nyumba ya munthu ndi manja ake, anthu aone nyale ikuyaka, anene kuti iyi anaika mwana wa a Yesaya. Ndikanamuuza kuti ndagula kwa anthu a kumalire."

"Akanawazindikira. Anawayeza yekha."

A Yesaya anakweza maso. Zinaoneka kuti nazonso sanaziganize.

"Ali kuti?"

"M'chisakasa cha kudimba kwanga, pansi pa mapesi. Pa chitunda paja limodzi linapendekeka m'bokosi. Ndinaona kunyowa, ndinapukuta ndi ovolosi, ndinati ndi madzi, auma."

"Mayi Teleza sakutunga madzi ndi anzawo."

"Ndinalipo."

"Munaimba nyimbo."

"Ndinaimba." Anaphimba nkhope ndi manja okhakhala aja. "Pakamwa panatseguka kuti ndinene, mayi, Mulungu ndi mboni. M'malo mwa mawu munatuluka nyimbo. Lero m'mawa ndamva kuti amuvula nsapato, ndinatenga hamala n'kupita ku fakitale. Ndimati mwina poti sanabe, amusiya okha."

Sajeni anapinda nsalu ija. "Tiyeni. Njinga ili panja."

"Ndipemphe chimodzi. Musandikweze njinga. Mukandichotsa mwakachetechete, mawa adzati nkhalamba yadzipereka kuti iwombole mwana. Ino ndi nthawi ya sikelo, anthu onse ali pamodzi. Mundiyendetse wapansi, ndikanene ndekha. Tikachoka apo tikawoloke mtsinje."

* * *

Pa sikelo ndi pamene otchola tiyi amabweretsa madengu kuti ayezedwe, ndipo masana amenewo panali anthu ochuluka, akukangana ndi kapitawo za masamba okhwima. A Yesaya anakwera pa ngolo ya thirakitala popanda wowathandiza. Phokoso linatha lokha.

Sananene zambiri. Anati mabatire anaba ndi iwo, anawatulutsa m'bokosi la Everson, ndipo chimene chinadya nsalu ndi asidi, osati mkazi wa malemu. Anati mwana wawo sanadziwe kanthu. Mayi wina anafuula kuti, "Inu a Yesaya, amene munabatizitsa ana athu?" Wina anayamba kulira ngati pamaliro. Amuna ambiri anangoyang'ana m'madengu mwawo, poti ena mwa iwo analipo tsidya lija pamene nsalu inkaponyedwa.

Elson anali ataima kumapeto kwa gulu, nsapato atamubwezera koma zingwe asanamange. A Yesaya potsika anadutsa pafupi naye.

"Unadziwa liti?"

"Ovolosi yanu inali pachingwe Lamulungu. Ndinaona mabowo. Ndinati mwina munathandiza a thirakitala."

"Ukanandifunsa."

"Inu mukanandifunsa ine, ababa. Kamodzi kokha. Ndikanakuonetsani chimene ndimachita."

A Yesaya anagwedeza mutu, n'kutsatira sajeni kulowera kumtsinje. Elson sanawatsatire. Anagwada kumanga zingwe, ndipo anazimanga nthawi yaitali.

A Thom anamupeza pomwepo, kampango kali m'manja. "Elson, ine ndasangalala kwambiri, ukudziwa. Koma manijala akuti pulojekiti iyambe yaima kaye. Akuti anthu sangamasuke. Iweyo ulibe mlandu, ayi ndithu, koma dzina lija ndi limodzi. Tidzakuimbira."

Mabatire anapezeka pansi pa mapesi, limodzi litauma madzi. Khoti linaona ukalamba ndi kuvomera kwa a Yesaya, linawapatsa chilango chogwira ntchito pa chipatala osalowa ndende, koma ntchito ndi nyumba ya pa esiteti zinapita. Mayi Teleza anabwerera kuchitsime. Alamu awo sanabwere kudzapepesa, anangotumiza nkhuku kudzera mwa mwana wa eni ake. Foni ya a Thom sinalire. Sola inadzaikidwa ndi kampani ya kutali, imene sinayeze nyumba ngakhale imodzi.

Zonsezi ndinazitola pang'onopang'ono, zina kwa sajeni titabisala mvula pakhonde la sitolo ina, zina kwa a Winston, amene masiku ano salankhulanso za singano. Koma Elson ndinamuona ndi maso anga, miyezi itapita, ku Luchenza, pa nyumba yoyandikana ndi imene ndinkagona. Mwini wake, kalaliki wa ku khonsolo, anamuitana chifukwa mayunitsi ankatha ngati mchere m'madzi. Elson anafika malaya ositidwa, kachipangizo kake m'manja, naodira pakhomo.

Anatuluka ndi mayi a m'nyumbamo. Anamupatsa moni waulemu wonse, anamufunsa za kunyumba, anamuikira mpando pakhonde. Kenaka analowa, n'kuyamba kutulutsa zinthu. Simbi. Ketulo. Wailesi. Kambaula ka magetsi. Anaziyala pa mkeka, nakoka waya wautali kuchokera pazenera.

"Zonse ndi izi, achimwene. M'nyumba musavutike kulowa, sitinasese."

"Mayi, chimene chimadya magetsi nthawi zambiri chimakhala m'mawaya a m'khoma. Ndiyenera kuona mkati."

"Mungotiuza poyang'ana. Abambo akaweruka adzayang'ana okha."

Anaima pachitseko mayiyo, dzanja lili pa chimango, akumwetulira. Elson anayang'ana dzanjalo. Ndinaganiza kuti anyamuka azipita, ndipo ndikanakhala ine ndikanatero. Koma anachoka pampando paja, anagwada pa mkeka, natenga simbi.

"Tiyambe ndi iyi," anatero. "Mumasita kangati pa sabata?"